Nkhope Zobiriwira za ku Gwadani

Kodi mungalote chimene chinachititsa kuti nkhope za akuluakulu onse a mu Ufumu wa Indebwana zikhale zobiriwira ngati mango aawisi? Alendo amene amafika ku Gwadani, likulu la ufumuwo, amayesetsa ndithu. Ena amati ndi matenda ochokera m'madzi akumwa. Ena amanong'ona kuti ndi mankhwala okhwimira. Mlendo wina wophunzira kwambiri anati akuluakuluwo amadya ndiwo zamasamba mopitirira muyezo, koma anabweza mawu ake tsiku limene anawaona pa phwando. Nanunso yesani kulota pamene ife tikufotokoza mmene zinayendera.

Mumzindawo munali mayi wina wachitsikana dzina lake Zione Kapalamula, katswiri wojambula ndi kukonza zithunzi pa kompyuta. Zikwangwani za m'misewu, makalendala, ngakhale makhadi oitanira anthu ku maukwati a ana a nduna, zambiri zinkadutsa m'manja mwake. Chimene ankanyadira koposa chinali chakuti mitundu yake sinkanama. Kufiira kumene ankakuona pa sikirini n'kumene kunkatuluka pa pepala.

Zimenezi sizinkangochitika zokha. Zione ankanena kuti sikirini iliyonse ili ndi bodza lake: ina imapendekera ku kufiira, ina ku buluu, ina imawala mopitirira. Choipa n'chakuti diso limazolowera, monga wogulitsa usipa samva fungo la usipa. N'chifukwa chake mwezi ndi mwezi ankatseka makatani n'kupachika pa sikirini kachipangizo kakang'ono kamene ankakatchula kuti nalimata, poti kankamatirira pa galasi. Sikirini inkaonetsa mitundu umodziumodzi, nalimata n'kumaiyerekeza ndi muyezo weniweni, kenaka kompyuta n'kuwongola pamene papotoka. Inali ntchito yosavuta, yongofuna kufatsa.

Chaka chimenecho Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachitatu inkakumbukira tsiku limene inakhala pampando, ndipo mwa mwambo amayi onse anayenera kuvina atavala nsalu yokhala ndi nkhope yake. Amene ankakonza zithunzi za Mfumu kale anali a Bizaliele, aphunzitsi ake a Zione. Kalendala yawo yomaliza inatuluka ndi nkhope ya Mfumu yooneka modabwitsa, ndipo anatumizidwa ku Kwaiwalika kukaweta mbuzi za boma. Ku Kwaiwalika kulibe magetsi, kulibe netiweki, ndipo basi yopita kumeneko imabwerako yopanda anthu. Choncho mthenga atafika pakhomo pa Zione n'kumuuza kuti wapatsidwa ulemu wokonza nsaluyo, iye anathokoza kwambiri.

Apa tiyenera kufotokoza Lamulo la Dzanja, limene ndi msana wa ufumu wonse. Lamuloli limati chilichonse chimene dzanja la Mfumu lakhudza chasanduka changwiro, ndipo kuchikonza n'kunyoza Mfumu. Mlatho wa pa mtsinje wa Tapirira, umene Mfumu inaupapasa poutsegulira, uli ndi dzenje pakati, ndipo anthu amalilumpha mwaulemu. Wotchi ya pabwalo imati ndi masana pamene nkhuku zikulowa m'khola, ndipo ogwira ntchito m'boma amadya nkhomaliro pa nthawi imeneyo. Poopa kusandutsa zinthu zonse kukhala zangwiro mwangozi, Mfumu sinkagwira kanthu wamba. Panali woidyetsa, woisambitsa, woidzoza mafuta, ngakhale woikanda pamene payabwa.

M'chipinda chachifumu munali sikirini yaikulu ngati chitseko, mphatso yochokera kutsidya kwa nyanja. Tsiku limene amisiri anailumikiza, Mfumu inaisisita n'kunena kuti, "Yabwino." Kuyambira pamenepo palibe anaiyandikiranso, ngakhale wopukuta fumbi. Mfumu inaikonda kwambiri moti inachotsetsa akalilole onse, ndipo m'mawa uliwonse inkadziona pa sikiriniyo kudzera pa kamera. Vuto linali limodzi: nkhope yake inkaoneka yofiira ngati m'kati mwa gwafa. Madokotala anati kumeneko ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anailetsa mchere ndi nyama yonona. Aliyense amadziwa kuti mfumu yosadya mchere sichedwa kupsa mtima.

Zione analowa m'chipindamo chokwawa, nkhope pansi, monga amalowera aliyense ku Gwadani. Ndipotu Mfumu inkazindikira nduna zake ndi madazi awo, poti nkhope zawo inali isanazionepo bwinobwino. Amene anamutsogolera anali a Syasyalika, Nduna ya Ulemu ndi Kaonekedwe, munthu amene ankatha kutamanda ngakhale kuyetsemula kwa Mfumu.

Chithunzi chinatumizidwa kuchoka pa laputopu ya Zione kupita pa sikirini yachifumu. Pa laputopu nkhope ya Mfumu inali yodera bwino, yosalala ngati mtsuko wokulungiza. Pa sikirini yaikuluyo inatuluka ili psuu.

"Syasyalika," Mfumu inaitana. "Uyu ndani?"

"Ndinu amene, Mwini Dziko, Dzuwa Losalowa."

"Ine ndimaoneka chonchi chifukwa ndikudwala. Nanga chithunzi nachonso chikudwala? Ndikufuna anthu anga andione monga ndinalili ndisanasiye mchere."

Zione anawomba m'manja. "Pepani, Mwini Dziko. Chithunzichi chili bwino, koma sikiriniyi ndiyo ikufiiritsa. Mutandilola kupachikapo kachipangizo aka kanthawi kochepa, kangayeze mitundu yake n'kuiwongola."

"Kayeze chiyani?" A Syasyalika anadzuka mpaka kufika pa maondo, kumene ndiko kuimirira kwa nduna pamaso pa Mfumu. "Iwe mwana iwe, ukufuna kuyeza chinthu chimene dzanja la Mfumu linayeza kale? Nalimata pa sikirini ya Mwini Dziko! Mawa ubwera ndi chule kuti adzayeze mpando wachifumu?"

"Ayi, bwana nduna, ine ndimangoti…"

"A Bizaliele nawonso ankangoti. Konza chithunzicho."

Zione anawerama pa laputopu. Anachepetsa kufiira, n'kuonjezera kubiriwira pang'ono.

"Onjeza," Mfumu inatero.

Anaonjezera.

"Ukuumira ngati utotowo ndi wa amako. Onjezanso."

Anaonjezera mpaka mtima unamupweteka. Pa sikirini yachifumu kufiira kunazilala pang'onopang'ono, nkhope n'kukhala yodera ngati ya munthu wathanzi.

"Basi!" Mfumu inafuula. "Ameneyo ndiye ine!"

Zione anasuzumira pa laputopu yake yosanama ija. Imene inamuyang'ana inali nkhope yofanana ndi tsamba la nthochi litavala chisoti. Asanatsegule pakamwa, a Syasyalika anakopera chithunzicho mu fulashi, kachipangizo konyamulira za pa kompyuta, n'kuikweza m'mwamba ndi manja awiri. Mfumu, chifukwa cha chimwemwe, inatambasula chala n'kuikhudza. Nkhani inathera pomwepo. A Syasyalika ananyamula fulashiyo pa kapilo kupita nayo ku fakitale.

Nsalu itatuluka, mabelo ake anagawidwa pa Msika wa Tingoona. Zione anakakhala kuseri kwa benchi la azakhali ake, a Nangondo, amene ankagulitsa ndiwo zamasamba. A Nangondo anatambasula nsalu yawo. Anaiyang'ana, anayang'ana mulu wa nkhwani, n'kuyang'ananso nsaluyo.

"Zione, mwana wa mlongo wanga, iyi ndiivale, kapena ndiziiwaza madzi kuti isafote?"

"Azakhali, musaseke. Ine ndikupita ku mbuzi."

A Lufeyo, telala amene makina ake anali pafupi ndi benchilo, anachotsa singano pakamwa. "Ine ndinasoka nkhope ya agogo ake a Mfumu, ndinasoka ya bambo ake, koma iyi ndiyo yandisowetsa ulusi. Wobiriwira ndimasungira mayunifolomu a ana a sukulu."

"Musokereni ndi luzi, a Lufeyo," anatero a Nangondo. "Za kumunda zimadziwana."

Akuseka choncho, kunafika wolengeza wa boma ndi chimkuzamawu. Anakwera pa thumba la makala n'kuyamba: "Mverani, anthu a Mfumu! Nduna ya Ulemu ndi Kaonekedwe ikudziwitsa onse kuti nsalu imene mwalandirayi si yobiriwira. Aliyense amene akuona kubiriwira akaonetse maso ake kuchipatala cha boma, mwa kufuna kwake, lisanalowe dzuwa!"

"Zikomo potiuza, bambo," anatero a Nangondo mwaulemu. "Tikanalakwitsa."

Nthawi yomweyo mbuzi ina yoyendayenda mumsikamo inafika pa benchi. Inanunkhiza nkhwani, inanunkhiza nsalu, n'kusankha nsalu. Inayamba kutafuna kuyambira pa tsaya lamanja.

"Mbuzi iyi sinamve chilengezo," anatero a Lufeyo. "Bwana wolengeza, itengeni ikaonetse maso."

Msika wonse unafa nako kuseka, koma Zione sanaseke. Iye ankadziwa kuti chilengezo chimagwira anthu a ku Indebwana okha. Ku chikondwererocho kunaitanidwa Mfumu ya ku Sitibisa, dziko loyandikana nalo, munthu wosagwadira aliyense, wa phwete lomveka kutsidya la phiri, amene amanena chimene waona. Ameneyo akadzaona nkhope yodera pa zenera la nyumba yachifumu ndi nkhope zobiriwira pa ziuno za amayi onse, adzafunsa mokweza. Akadzafunsa, basi ya ku Kwaiwalika idzapeza woikwera.

"Ndikanangololedwa kuyeza sikiriniyo, azakhali," anadandaula. "Kanthawi kochepa chabe."

"Iwe vuto lako ukufuna kukonza denga," anayankha a Nangondo akulanda nsalu m'kamwa mwa mbuzi. "Kuno denga likadontha amazenga mlandu mvula. Pita ukawapezere mvula yawo."

M'mawa mwake bwalo la nduna linakumana Mfumu palibe, kuti lipeze wolakwa lisanafike tsiku. Zione anamukhazika pakati. A Syasyalika anayala nsaluyo pa tebulo n'kuyamba kulankhula ngati mlaliki.

"Abale anga olemekezeka, tiyeni tiyende ndi nzeru. Kodi sikirini ingalakwe?"

"Inakhudzidwa!" zinayankha nduna zonse pamodzi.

"Nanga fulashi?"

"Inakhudzidwa!"

"Nanga makina a ku fakitale?"

Nduna ya Mafakitale inadumpha. "Mwini Dziko anadina okha batani lake tsiku lotsegulira. Chithunzi chilipo!"

"Ndiye kuti zonse n'zangwiro," anatero a Syasyalika. "Komabe nsalu ndi nkhope sizikufanana. Cholakwa chikhala pa chinthu chimene dzanja la Mfumu silinakhudze."

Madazi onse anatembenukira kwa Zione. Nduna ya Ziweto inamufunsa mokoma mtima ngati anakamapo mbuzi.

Zione anaona Kwaiwalika m'maganizo: iye pansi pa mtengo waminga, a Bizaliele pambali pake, akukambirana za mitundu ya mbuzi. Anakumbukira mawu a azakhali ake. Kenaka anawomba m'manja mwaulemu.

"Mabwana anga, ndiloleni ndifotokoze ntchito yanga ndisanakwere basi. Ife tikamalinganiza mitundu, timasankha chinthu chimodzi chimene sitichikayikira, n'kuchitcha muyezo. Zina zonse timaziwongola kuti zifanane nacho. Nsalu iyi yabadwa kwa sikirini yangwiro, fulashi yangwiro ndi makina angwiro. Ndiye kuti muyezo ndi umenewu."

"Zoona," zinang'ung'udza nduna.

"Tsono ine ndikapita ku mbuzi, nsalu ndi nkhope zikhalabe zosiyana. Mfumu ya ku Sitibisa idzasekabe. Ndipo basi ija, mabwana anga, ili ndi mipando yambiri."

Madazi anayamba kunyezimira ndi thukuta.

"Ukuti tiwongole chiyani?" anafunsa a Syasyalika, mawu atatsika.

"Ine sindikuti kanthu, bwana nduna. Ndikungofunsa. Pa zinthu ziwiri zimene zikusiyanazi, n'chiti chimene dzanja la Mfumu silinakhudzepo?"

A Syasyalika anaitanitsa woisambitsa Mfumu, woidzoza mafuta ndi woikanda. Anawafunsa ngati Mwini Dziko anayamba wadzigwirapo kumaso.

"Chikhalireni pampando, ayi," anayankha woikanda, monyadira ntchito yake. "Ngakhale ntchentche timaingitsa ndife."

A Syasyalika anatseka maso kwa kanthawi. Atawatsegula anati, "Zimenezi n'zimene ine ndakhala ndikuganiza kuyambira dzana." Nduna zonse zinawomba m'manja kuyamika nzeru za a Syasyalika.

Ntchito yosakaniza mafuta obiriwiritsa nkhope ya Mfumu kuti ifanane ndi nsalu inapatsidwa kwa Zione, ndipo tinene zoona, anaigwira mwaluso. Anasinja masamba ouma a chammwamba, anasefa, n'kusakaniza ndi mafuta odzola. Ataona kuti kubiriwirako kwapepuka, anathiramo madzi a nkhwani za azakhali ake. Anakana kuyeza pansi pa babu, poti kuwala kwa babu kumanamiza. Anapempha kuti mpando wa Mfumu ukhale pafupi ndi zenera, n'kuika kachidutswa ka nsalu pambali pa tsaya lachifumu. Mfumu inauzidwa kuti awa ndi mafuta atsopano a mafumu okhaokha, ndipo inatseka maso monga mwa masiku onse, woidzoza n'kumapaka.

"Pachipumi onjezerani pang'ono," Zione ankanong'ona. "Pamphuno basi, mwafika."

Atamaliza, anatembenuzira mpando ku kamera. Mfumu inatsegula maso n'kuyang'ana pa sikirini. Kufiira kwa sikirini kunakumana ndi kubiriwira kwa chammwamba, ndipo pagalasipo panaoneka nkhope yodera, yosalala, ya mnyamata wodya bwino.

"Syasyalika!" Mfumu inakuwa. "Ndachira!"

Madokotala anafika akuthamanga chokwawa. Anasuzumira Mfumu, anayang'ana pa sikirini, n'kusankha sikirini. Anati mankhwala awo agwira ntchito monga ankayembekezera. Tsiku lomwelo Mfumu inadya nyama ya nkhosa yothira mchere, ndipo inakhululukira akaidi angapo. A Bizaliele palibe anawakumbukira.

Tsiku la chikondwerero ng'oma zinalira kuyambira m'mamawa. Amayi anadzaza bwalo, nkhope zobiriwira zikugwedezeka pa ziuno. Mfumu inkaonera gule pa sikirini yake, poti fumbi la ovina linkaitsokomoletsa, ndipo inaona kuti zonse zili bwino. Dzuwa litafika pamutu inatulukira pa zenera n'kukweza dzanja. Zione anali pansi pa zeneralo, maso ali pa Mfumu ya ku Sitibisa.

Mlendoyo anatsegula pakamwa. Anayang'ana pa zenera, anayang'ana nsalu ya mayi amene ankavina patsogolo pake, n'kuyang'ananso pa zenera. Anakanda m'mutu.

"Ndayenda maiko ambiri," anatero mokweza, "koma sindinaonepo nsalu yofanana ndi mwini wake chonchi. Kwathu opanga nsalu ndi abodza."

Nthungululu zinamveka mpaka ku Tapirira.

Zotsatira zake sizinachedwe. Nduna zinaona kuti n'kupanda ulemu kukhala ndi nkhope yosiyana ndi ya Mfumu, choncho nazonso zinayamba kudzola. Akuluakulu a maofesi anatsatira nduna, achiwiri awo anatsatira iwo. Kenaka kunatuluka lamulo lofotokoza kubiriwira koyenera udindo uliwonse: nduna ngati tsamba la nthochi, mlembi wamkulu ngati kabichi, mesenjala kadontho kamodzi pachipumi. Mkulu wina wa za misewu anatsitsidwa udindo chifukwa anabiriwira kuposa bwana wake.

Ku Msika wa Tingoona chammwamba chinasowa, nkhwani zinasowa, chisoso ndi bonongwe zinkatha dzuwa lisanakwere. Magalimoto a boma ankaima pa benchi la a Nangondo mondondozana.

"Kale akuluakulu ankadya nyama n'kutisiyira masamba," anatero a Nangondo tsiku lina akukutumula dengu lopanda kanthu. "Tsopano masamba omwewo atenga. Ndiwo zachoka m'mbale zapita kumaso."

"Musadandaule, mayi," anayankha a Lufeyo. "Bola tsopano timawaonera patali. Ukangoona kubiriwira kukubwera, umabisiratu katundu."

Zione anapatsidwa udindo wa Mkulu Woyeza Nkhope ya Mfumu, pamodzi ndi ufulu umene ngakhale a Syasyalika analibe: kuimirira ndi kuyendayenda m'chipinda chachifumu, kuti aziona tsaya lililonse mbali zonse. Nalimata anamutsekera m'kabati. M'mawa uliwonse ankafika ndi kabotolo kake ndi kachidutswa ka nsalu, iyenso atadzola ngati tsamba la nthochi.

Tsiku lina, woidzoza ali m'kati mopaka, chivundikiro cha kabotolo chinagwa n'kugubuduka mpaka kuseri kwa sikirini. Zione anachitsatira. Kunali fumbi ndi ukonde wa akangaude, poti chichokereni amisiri aja kunali kusanafike munthu. Anawerama kuti atole chivundikirocho, ndipo podzuka maso ake anagwera pa chinthu china. Anachiyang'anitsitsa. Linali vuto limene ngakhale wongoyamba kumene ntchito amaliona tsiku loyamba. Silinkafuna nalimata. Linkangofuna chala chimodzi.

Chala chake chinanyamuka chokha, monga chimachitira chala cha mmisiri. Chili m'malere, Zione anaganiza zimene zikanaoneka kutsogolo kwa galasilo nthawi yomweyo: Mfumu ikudziona mmene ilili lero, n'kufunsa kuti amene wakhala akusakaniza mafutawa ndani.

"Zione," Mfumu inaitana, maso ali chitsekere. "Wapeza chiyani kumeneko?"

"Chivundikiro, Mwini Dziko."

Anapinda chalacho n'kuchibweza m'thumba. Anatulukira kutsogolo, anaika kachidutswa ka nsalu pambali pa tsaya lachifumu, n'kuuza woidzoza kuti kuseri kwa khutu lamanzere aonjezere pang'ono.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili: chimene chinkafiiritsa sikirini ya Mfumu n'chakuti chingwe cha kumbuyo kwake sichinalowe bwino.